Mwana wanga akuti akufuna azikafufuza khansa ya m'mawere mu labu, ntchito yake ndi yotani abale?

NaPhiri_Highfield

Moni nonse a pagulu pano. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Highfield kuno ku Harare, kwathu kwenikweni ndi ku Dedza koma ine ndinabadwira konkuno bambo anga atabwera kudzagwira ntchito ya njanji. Nkhani yanga ndi iyi, mwana wanga wachisamba akumaliza Biochemistry pa University of Zimbabwe (UZ) chaka chino, ife tonse m'nyumba muno timangodziwa kuti akamaliza akasaka ntchito kaya ku kampani ya zakumwa kaya ya mankhwala bola azigwira kenakake pakutha pa mwezi poti ang'ono ake awiri akadali pa sukulu, ndiye Lamulungu tili pa nsima wangoti amayi ine ndikufuna ndipitirize Masters kenako PhD ndizifufuza khansa ya m'mawere. Mbamu inandiumira m'manja.

Sikuti nthendayi sindikuidziwa ayi. Amayi anga inawatenga asanakwane zaka 50, amayi anga aang'ono chimodzimodzi, chaka chatha achemwali anga achotsedwa bere ali ndi zaka 41 zokha. Kumudzi nkhani yake inasanduka ya kulodzana mpaka mabanja awiri samapatsana moto mpaka lero. Ndiye ndikudziwa pomwe mwanayu zamugwira, anali ndi zaka 8 agogo ake akumwalira ndipo ankagona nawo chipinda chimodzi.

Koma chomwe sindikumvetsa, akuti sakhala dokotala, odwala sadziwagwira, azingokhala ndi timabotolo. Nanga odwala athandizika bwanji munthu ali mu labu? Komanso akumanena za majini, ine ndinakulira pafupi ndi anzathu Achiyao ndiye ndikamva majini ndimaganiza zina kkkk. Amene mukudziwa tandiuzeni, anthu a ntchito imeneyi amachita chani tsiku lonse ndipo amadya?

Mbewe_wa_pa_labu

Mayi NaPhiri pepani ndi za achemwali, Mulungu awakhudze. Ine ndagwira mu labu zaka 14 konkuno ku Harare, sindine pulofesa ndine wongoyendetsa makina koma nkhani iyi ndiyankhako.

Majini a mwana wanuwo si aja otulutsidwa ndi shehe ayi kkkk. Ndi malangizo olembedwa mu DNA mkati mwa selo iliyonse, theka munthu amatenga kwa bambo theka kwa mayi. Ndipo funso lomwe lagawanitsa mabanja kwanuko, loti nchifukwa chani nthenda imodzi ikungotsata nyumba imodzi, pali mayi wina wa ku America dzina lake Mary-Claire King yemwe anathera pafupifupi moyo wake wonse wa ntchito pa funso lomwelo. Nayenso sanali dokotala wa odwala. Digiri yake yoyamba inali ya masamu, PhD anachitira ku Berkeley komwe anaonetsa kuti mapuloteni a munthu ndi a chimpanzi amafanana pafupifupi 99 peresenti, kenako mu 1974 ndipomwe anayamba za khansa ya m'mawere.

Nthawi imeneyo akatswiri ambiri sankakhulupirira kuti jini imodzi ingachititse nthenda yofala chonchi, ena maso anali pa mavairasi ena pa zakudya ndi malo okhala. Iye ankafunafuna mabanja ngati lanulo, kufunsa agogo anamwalira ndi chani, ali ndi zaka zingati, nanga azakhali, kujambula mtengo wa banja pa pepala, kutenga magazi a odwala ndi a osadwala omwe nkumafananiza kuti kachidutswa kati ka DNA kakupezeka mwa odwala okhaokha. Kunalibe makina a masiku ano owerenga DNA yonse m'masiku ochepa, zinali zamanja, kuyesa chizindikiro chimodzi, sichinagwire, china, sichinagwire. Kuyambira 1974 mpaka 1990 mayi. Mwana wobadwa chaka chomwe anayamba anali ku sekondale iye asanapeze yankho. Chomwe chinatsegula khomo nchakuti pa mabanja 23 omwe anali nawo anawasanja potengera zaka zomwe anthu ankadwalira, ndiye m'mabanja omwe amayi ankadwala akadali achichepere chizindikiro chinaonekera poyera pa kromozomu nambala 17 (makromozomu ndi mitolo ya DNA mu selo, amawapatsa manambala). Jini imeneyo ndi yomwe ikutchedwa BRCA1 lero. Kuitulutsa yeniyeniyo kunali mpikisano ndipo anamupambana a gulu la Mark Skolnick ku Utah mu 1994, kampani yawo Myriad inatenga umwini wake nkumalipiritsa madola masauzande pa kuyeza kamodzi mpaka khoti lalikulu la ku America linagamula mu 2013 kuti jini yachilengedwe siingakhale katundu wa kampani. BRCA2 inapezeka pa kromozomu 13, a Michael Stratton ndi anzawo ku UK anaitulutsa mu 1995.

Tsono mvetsani apa poti anthu amasokoneza. BRCA1 tonse tili nayo, inu, ine, amuna omwe, ndipo ndi yabwino. Ntchito yake ili ngati ya telala wa pakhonde uja wosoka zong'ambika, DNA ikaduka mu selo iyo imathandiza kulumikiza bwinobwino. Munthu amakhala ndi ziwiri, ya kwa bambo ndi ya kwa mayi. Vuto ndi la wobadwa ndi imodzi yowonongeka kale, akuyenda ndi telala mmodzi basi, tsiku lomwe winayo wafa mu selo imodzi ya m'bere zong'ambika zimangounjikana mpaka seloyo iyamba kuswana mosalamulirika. Nchifukwa chake m'mabanja otere amadwala msanga, zaka za m'ma 30 ndi 40, pena mawere onse awiri, pena khansa ya m'thumba la mazira. Mwa amayi 10 obadwa ndi BRCA1 yowonongeka, pafupifupi 6 kapena 7 amadzadwala pa moyo wawo. Mwana aliyense wa munthu wotere mpata wotengera ndi theka, ngati kuponya khobidi.

Sindikunena kuti kwanu ndi BRCA ayi, zimenezo nzoyeza. Khansa ya m'mawere yakumtundu ndi 5 mpaka 10 peresenti chabe, yambiri imangobwera. Koma anthu atatu, onse asanafike 50, mbali imodzi, dokotala wa achemwali akuyenera kuuzidwa zimenezo momveka.

Za tsiku ndi tsiku ndisakunamizeni, nzotopetsa. Umakhala wavala magolovesi uli ndi kachipangizo kotapira timadontho tosaoneka nkomwe, kuthira m'timachubu 96, kudikira makina maola atatu, zotsatira nkubwera zopanda kanthu, mawa uyambirenso. Pamalo pena pomwe ndinagwirapo tinali ndi firiji ya -80 yodzaza masampulo a zaka ziwiri, magetsi anazima Lachisanu usiku jenereta osadzuka, Lolemba tinapeza madzi pansi ndipo mtsikana mwini masampulo anangokhala pa sitepe osalira osayankhula mpaka 12 koloko. Mwana wanuyo ngati ali wopsa mtima msanga asayambe.

Malume_aku_Dzivarasekwa

Achemwali ine ndiyankhula ngati mwini mbumba, ena adana nazo basi. Zonse anena a Mbewezi nzabwino koma mayi wa ku America uja ankalipidwa zaka zonsezo akusakasaka. Kuno alipira ndani? Renti ya ku Highfield simulipira ndi kromozomu. Mphwanga anachita sayansi yomweyi ma distinction okhaokha pano ali pa tebulo mu tauni akugulitsa machaja ndi makava a foni. Mwanayo ayambe wagwira ntchito zaka ziwiri zitatu athandize ang'ono ake, PhD sithawa. Fisi akatola fupa sadyera pomwepo koma ayambe walitola kaye fupalo.

Komanso izi zoyeza magazi kuti udziwe ngati udzadwala, ukadziwa ndiye utani? Angelina Jolie uja anachotsetsa mawere onse mu 2013 asanadwale nkomwe poti ali ndi ndalama zokawakonzetsanso. Mkazi wa ku Dzivarasekwa mukamuuza kuti uli ndi jini yoipa mwangomupatsa BP, ndipo apongozi akamva ukwati wa ana ake aakazi uvuta.

Sisita_wa_usiku

Malume pa za ndalama sindikutsutsani koma pa zoti ukadziwa utani ndiye ayi. Ndine namwino, ndaona amayi ambiri akubwera bere litaphulika kale atakulunga chitenje, fungo lokha umadziwa ali pakhomo, ukafunsa akuti chotupa ndinachimva chaka chatha koma sichimapweteka ndiye ndinayamba kwa aneneri. Mayi yemwe akudziwa kuti kwawo ilipo samadikira kupweteka, kambulu kangati nsawawa wafika kale ku chipatala. Kusiyana kwake ndi kumeneko, ndipo kuno khansa ya m'mawere ndi yachiwiri mwa amayi, yoyamba ndi ya khomo la chiberekero, si nthenda ya azungu ngati mmene ena amanenera.

Mayi NaPhiri mwafunsa kuti wa mu labu amathandiza bwanji odwala. Tapitani mukaone pepala la zotsatira za achemwali lija anawadula kanyama kokayeza. Ngati anayeza zonse mupezapo zilembo izi, ER, PR, HER2, china chili ndi + china -. Zilembo zimenezo ndi zomwe zimauza dokotala mankhwala oti apereke, ndipo chilichonse pamenepo ndi thukuta la munthu wa timabotolo.

ER ndi ngati loko yemwe kiyi wake ndi homoni ya chizimayi ya estrogen, kiyi akalowa selo ya khansa imauzidwa kuti swana, PR ndi loko wina wotero wa homoni ya progesterone. Kale mu 1896 dokotala wina ku Glasgow, George Beatson, anaona kuti akachotsa mazira a mayi wodwala chotupa cha m'bere chimaphwa koma chifukwa chenicheni sankachidziwa, panapita zaka zoposa 60 kuti Elwood Jensen ku Chicago apeze lokoyo. Tamoxifen, kapiritsi kaja amayi amamwa kamodzi patsiku zaka 5 ena mpaka 10, kamalowa pa lokopo ngati kiyi wothyokera mkati, estrogen isowe polowera. Ndipo choseketsa anakapanga ku England akufuna mankhwala olera, kanakanika ntchito imeneyo kkkk. HER2 ndi ina, Dennis Slamon wa ku Los Angeles anaonetsa mu 1987 kuti zotupa zomwe zili ndi jini imeneyi yochulukitsa ndi zolusa kwambiri, pafupifupi chotupa chimodzi pa zisanu zilizonse, mankhwala ake Herceptin anavomerezedwa mu 1998, amagwiradi ntchito koma mtengo wake kuno ndi wogulitsa nyumba. Zikakhala kuti zonse zitatu ndi - ndiye imene amati triple negative, tamoxifen sagwira Herceptin sagwira, chachikulu chomwe chimatsala ndi opaleshoni, kemo ndi kuwotcha, ndipo mtundu umenewu umapezeka kwambiri mwa amayi akuda komanso mwa a BRCA1 aja.

Chomwe chimandiwawa ine, amayi ambiri pepala lawo lilibe zilembo zimenezi poti kuyezako nkolipira padera, ndiye dokotala amapereka mankhwala mongoyerekeza. Mwana wanuyo olo atangothandiza kuti kuyeza kumeneku kuzichitika msanga ndi motchipa, ine ndimuvinira.

Mbewe_wa_pa_labu

Asisita mwakumbutsa, ndipo olo kuyezako kuchitike nkhani ina ndi kasungidwe. Kanyama kaja kamayenera kulowa mu formalin, mankhwala oti kasaole, pasanathe ola limodzi kachotsedwa, nkukhalamo maola 6 mpaka 72. Tsono kakachokera kutali, kagona pa tebulo, kayenda pa basi mu botolo la mayonezi sabata yathunthu, ER imafufutika nkutuluka - pomwe inali +, mayi nkumanidwa tamoxifen yemwe akanamuthandiza. Botolo la mayonezi sindikucheza, ndinalilandira ndi manja angawa.

Kamtsikana_ka_PhD

Mayi moni, ndaona nkhaniyi mochedwa ndinali mu labu kkkk. Ine ndinakulira ku Mufakose, agogo anachokera ku Ntcheu, pano ndili chaka chachitatu cha PhD ku Joni, si ya khansa ya m'mawere ndendende koma nzapafupi. Ndiyankhe malume kaye mwaulemu.

Malume, PhD ya sayansi ngati imeneyi munthu sumalipira wekha, ukaona akukuuza kuti ulipire wekha thawa. Umalowa pansi pa pulofesa yemwe ali ndi thandizo la kafukufuku, fizi amalipira ndipo umalandira kandalama ka mwezi. Si kambiri, galimoto sindinagule, koma renti ndimalipira ndipo mwezi ndi mwezi ndimatumiza kenakake kwa amayi. Povuta ndi pa Masters, pamenepo ambiri amagwa poti thandizo ndi lochepa, ine ndinalemba makalata 11 anandiyankha awiri. Ndipo ndisabise, ukamaliza ntchito zambiri ndi za makontirakiti a zaka ziwiri zitatu, umakhala ukulemba zopempha ndalama moyo wako wonse, anzako a ku banki akumanga ku Ruwa iwe ukudikira ma reagent, mankhwala oyezera mu labu, omwe unaitanitsa miyezi inayi yapitayo. Za mphwanu wa machaja ndikuzimva, tili nawo anzathu otero ambiri.

Koma zoti izi nza ku America kokha ndiye ayi. Kwathu ku Harare kuli Pulofesa Collen Masimirembwa, anaphunzira pa UZ pomwepo, PhD anakachitira ku Karolinska ku Sweden, anagwira ku kampani ya mankhwala ya AstraZeneca kenako anakhazikitsa bungwe la kafukufuku lotchedwa AiBST ku Harare komweko. M'ma 1990 iye ndi anzake anapeza mwa anthu akuda a mu Zimbabwe mtundu wina wa jini yotchedwa CYP2D6, anaupatsa nambala 17, womwe umagwira ntchito mwaulesi ndipo ndi wofala mu Africa pomwe mwa azungu ndi wosowa. Mukudziwa chifukwa chake ndaitchula? Tamoxifen anena asisitayo akalowa m'thupi sagwira mwamphamvu mmene alili, chiwindi chimayenera chimusandutse kaye kukhala endoxifen, ndipo wogwira ntchito imeneyo ndi CYP2D6 yemweyo. Ndiye amayi awiri atha kumwa piritsi lofanana tsiku lililonse mokhulupirika koma m'magazi mwa wina mankhwala enieniwo nkukhala ochepa. Akatswiri akadakanganabe ngati kuyeza jini imeneyi kuzisintha mlingo wa mankhwala, ndiye chonde wina asasiye kumwa tamoxifen chifukwa cha zomwe ndalembazi, koma taonani funsolo, ndi la amayi athu ndipo wa ku Boston sadzuka m'mawa kuti aliyankhe.

Winanso muuzeni mwana wanu amuwerenge ndi Olufunmilayo Olopade, mayi wa ku Nigeria, udokotala anaphunzira ku Ibadan pano ali ku University of Chicago. Iye ndi amene analimbikira kuti tiyeze zotupa ndi magazi a amayi a ku West Africa osangotengera za azungu, ndipo anaonetsa kuti ambiri amadwala ali aang'ono, zotupa zopanda ER nzochuluka, komanso BRCA yowonongeka imapezeka mwa odwala a ku Nigeria kuposa mmene anthu ankaganizira. Nkhokwe zambiri za DNA padziko zadzaza ndi anthu ochokera ku Ulaya, ndiye munthu wakuda akayezetsa nthawi zambiri amauzidwa kuti taona kusintha pa jini yanu koma tanthauzo lake silikudziwika, poti palibe oti amufananize nawo. Mchewa wa ku Dedza ali mu nkhokwe iti?

Ndipo malume, kudziwa kuti ndi BRCA pano kumasinthanso mankhwala. Pali olaparib, amatseka njira ina yosokera DNA yotchedwa PARP, ndiye selo ya khansa yomwe telala wake wa BRCA anafa kale imasowa pogwira nkufa pomwe maselo abwino akupitiriza. Nzeru imeneyo inatuluka mu labu mu 2005, ku America anawavomereza pa khansa ya m'mawere mu 2018. Werengani zakazo muone mmene ntchitoyi imayendera.

Kwa mwana wanu mayi, asadikire kumaliza, apite kwa malekichara ake pano apemphe kuthandiza nawo mu labu olo kutsuka magalasi, aphunzire PCR, njira yochulukitsira DNA mu labu, ndi manja ake komanso R kapena Python pa kompyuta poti theka la ntchito pano ndi kusanthula manambala ndipo imeneyo magetsi akazima laputopu imapitiriza. Akafunsenso ku Cancer Registry, ofesi yolemba kaundula wa odwala khansa pa chipatala cha Parirenyatwa, mmene amasonkhanitsira manambala. Ngati akufuna andipeze ku inbox ndimutumizire kalata yomwe inandipezetsa malo aone kalembedwe.

Malume_aku_Dzivarasekwa

Mwana iwe wayankhula bwino ndakumva. Koma makalata 11 kuyankhidwa awiri, nanga akanapanda kuyankha awiriwo? Ine ndikadali pomwepo, agwire ntchito uku akulemba makalatawo. Zokatsuka magalasi ulele mu tauni muno kombi yake alipira ndani.

NaPhiri_Highfield

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri, zina zandipita pamwamba koma za telala ndazimva a Mbewe. Malume musadandaule nanenso maganizo a kombi ndili nawo, tagwirizana kuti akamaliza asake ntchito ya mu labu iliyonse uku akulemba makalata, ndamupatsa zaka ziwiri, iye akuti zitatu, tikadakokanabe.

Asisita ndinapita kwa achemwali ku Glen Norah dzulo tinafwanthula chikwama chonse cha mapepala a kuchipatala, pepala lija talipeza, palembedwa ER - PR - ndipo pa HER2 palibe chilichonse, mpata chabe. Mwana wanga analiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu kenako analijambula pa foni, akuti pa tsiku la cheki apita nawo yekha akafunse dokotala ngati kanyama kaja kakadasungidwa kuti ayezenso.

Usiku anatenga kope la ang'ono ake nkuyamba kujambula mabokosi ndi timizere, akazi mozungulira amuna mwa folokona, kundifunsa mmodzimmodzi anamwalira liti ndi chani. Ine ndimatchula a mbali ya amayi okhaokha poti ife Achewa mtundu timawerengera kuchikazi, iye akuti ayi amayi tchulaninso kwa agogo aamuna, jini siidziwa za mbumba, imadutsanso mwa bambo. Ndiye ndinakumbuka kuti azakhali anga, alongo awo a bambo, anamwalira ku Dedza mimba itatupa anthu nkumati anadya za eni. Zaka zawo sindikuzidziwa, amene angadziwe ndi amalume omwe ali mbali ina ya mkangano uja ndipo sitinayankhulane kuyambira pa maliro a amayi. Nambala yawo ndaipeza kwa msuweni wanga wa ku Mbare, ndagula ma bundle, mwana akuti tiimbe Loweruka iye ali pompo ndi kope lake. Kaya ndiyamba ndi mawu oti chani.